Tisanawavotere, iwowo anavota bwanji pa za masola ndi mafuta a galimoto?

Nangozo wa ku Georgia: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi kafunso makamaka kwa inu mwakhalitsa kuno ku America. Mapepala anga aja anatuluka ndiye mu Novembala 2026 ndidzavota koyamba, koma makalata a kampeni ayamba kale kudzadza m'bokosi, aliyense wajambulitsa atavala chipewa cholimba chija cha kufakitale akumwetulira pambali pa masola, eti onse ndi okonda magetsi a dzuwa ndi ntchito zatsopano. Chonsecho bilu yanga ya magetsi ikungokwera, petulo ndiye osanena poti ndimayenda kamtunda popita ku ntchito. Ndingadziwe bwanji kuti munthuyu ali m'nyumba ya malamulo anavota zotani pa nkhani zimenezi? Kapena nkungoyang'ana nkhope ngati kwathu kkkk

Wa Uber ku Dallas: Achemwali musatope nazo, onse ndi amodzi awa

Ankolo a ku South Bend: Ayi mphwanga, usamusocheretse mwana. Nangozo, ubwino wa kuno voti yaikulu iliyonse imalembedwa dzina ndi dzina, uyu anati eya, uyu anakana, uyu kunalibe. Zonse zili pa intaneti pa tsamba la Congress, ungolemba dzina la phungu wako kapena seneta basi. Ngati ulibe nthawi pali bungwe lina, League of Conservation Voters, lomwe kuyambira 1970 limasankha mavoti okhudza chilengedwe chaka chilichonse nkumupatsa munthu malikisi kuyambira 0 mpaka 100 ngati kusukulu. Koma uyambe ndi mavoti awiri okha, wa 2022 ndi wa 2025, pamenepo mpamene pagona nkhani.

Nangozo wa ku Georgia: Ankolo fotokozani bwino, mu 2022 ine ndinali kalikiliki ndi mashifiti ausiku, za ndale sindinkazitsata

Ankolo a ku South Bend: Mu Ogasiti 2022 kunadutsa lamulo lija a Biden analitcha Inflation Reduction Act, dzina ngati ndi lotsitsa mitengo ya zinthu koma mkati mwake munali ndalama pafupifupi madola 369 biliyoni za mphamvu zosaipitsa mpweya, masola, makina a mphepo, mabatire, magalimoto a magetsi. Ukagula galimoto ya magetsi yatsopano ankakuchotsera msonkho mpaka 7,500, yakale mpaka 4,000, ukaika sola padenga ankakubwezera 30 peresenti. Ku Senate, nyumba ya maseneta, kunali 50 kwa 50, anachita kubwera a Kamala Harris monga wachiwiri kwa pulezidenti kudzaponya voti yodula mlandu, 51 kwa 50. Ku House, nyumba ya aphungu, 220 kwa 207. Wa Republican ngakhale mmodzi sanavomere, wa Democrat ngakhale mmodzi sanakane. Ndiye pobwera 2025 zinangotembenuka ngati chitumbuwa m'chiwaya, bilu yaikulu ya a Trump ija inafafaniza zambiri mwa izi, ku Senate 51 kwa 50 kachiwiri koma ulendo uno wodula mlandu anali a JD Vance, ku House 218 kwa 214, nkusainidwa pa 4 Julayi.

Mai a Tadala, Area 25: Moni akunja. Ine ndikuwerenga zonsezi ndili pa mzere wa mafuta chibwerereni 5 koloko m'mawa, Sienta yanga ndachita kuikankha ndi anyamata kuti isunthe. Inu mukukangana za galimoto ya magetsi ife ndi magetsi omwewo tilibe kkkkk pitirizani tikumva nawo

Wa Uber ku Dallas: Kkkk pepani mai. Koma ya 4,000 ija ine ndinaipeza pa mphindi yomaliza. Inkatha pa 30 Seputembala 2025, ndiye sabata yomalizayo ndinazungulira malo anayi ogulitsa magalimoto, kulikonse anthu ali yakaliyakali ngati kwabwera shuga wotchipa, lamulo linkati galimoto yakaleyo isapyole 25,000, ndiye ogulitsa nawo anachenjera, iliyonse yaikidwa 24,900 ngakhale yotha matayala. Ndinapeza ka Bolt koyera kokhala ndi chipsera pachitseko cha kumbuyo, ndinasaina mapepala cha m'ma 9 usiku mkazi wanga akundiimbira foni kuti kodi mwagona konko. Pano ndimatchaja kunyumba usiku, za pa filing'i ndinaiwala. Mnzanga anachedwa ndi masiku atatu okha anaiphonya, mpaka lero sitiikamba nkhaniyi tikakumana

Nangozo wa ku Georgia: Ndiye mukuti onse ndi amodzi bwanji achimwene, pomwe voti ya anthu ena inakuikirani 4,000 m'thumba ndipo ya ena inamulanda mnzanuyo?

Wa Uber ku Dallas: Eee mwandigwira pakamwa

Namaseko RN: Nangozo iwe uli ku Georgia, nkhaniyi ili pakhomo pako penipeni. Ku Dalton kuli fakitale ya masola ya Qcells, kampani ya ku South Korea, mu Januwale 2023 analengeza kuti athira madola 2.5 biliyoni kukulitsa ya ku Dalton ndi kumanga ina ku Cartersville, ndipo chinawakoka kwambiri ndi kuchotseredwa msonkho kwa m'lamulo la 2022 lija, gawo la opanga masola analilimbikira ndi seneta wanu Jon Ossoff. Tsono phungu wa dera la Dalton nthawi imeneyo anali mai Marjorie Taylor Greene, amene anavota kukana lamulolo. Ntchito zinapita kwa anthu ake omwe, voti yake ili "ayi". Ndipo si iwo okha, mafakitale ambiri a mabatire ndi masola anakamangidwa m'madera a aphungu amene anakana, ena mpaka kumapita kukadula riboni

Mai a Tadala, Area 25: Ngati kuno ndithu, mjigo wakumba ndi a bungwe koma pa tsiku lotsegulira abwana afika ndi nsalu za chipani

Aphunzitsi opuma, Zomba: Ndalowa mochedwa ana anga, netiweki. Ndawerenga zonse ndipo ndili ndi chikaiko pa njira ya a South Bend. Mukuti tione voti ya 2022 ndi ya 2025. Koma mwanena nokha kuti onse a chipani chimodzi anati eya, onse a chinacho anakana. Nanga voti yotero ikutiuza chani za munthuyo? Ikungotiuza mtundu wa malaya ake basi, zomwe tikudziwa kale osatsegula intaneti.

Ankolo a ku South Bend: Aphunzitsi mwalasa. Ndipo ndiwonjezere, mabilu awiri onsewa anali ngati thumba la pa msika lomwe mwalowa tomato, sopo, usipa ndi mabatire a wailesi. Ya 2022 munalinso za mitengo ya mankhwala a okalamba, insulin kutsika kufika madola 35 pa mwezi kwa a Medicare, inshuwaransi ya boma ya kuchipatala ya okalamba, ndi msonkho wa 15 peresenti pa makampani akuluakulu. Ya 2025 munali kudula misonkho, kudula Medicaid, thandizo la boma la kuchipatala la anthu opeza zochepa, ndalama za m'malire. Ndiye munthu akhoza kukuuza kuti ine masola ndimawafuna koma ndinakana chifukwa cha zinazo, ndipo sungamutsutse msanga

Namaseko RN: Ndipo mu ya 2025 momwemo ndi momwe anabisamo ka msonkho ka 1 peresenti pa ndalama zotumiza kunja ukapereka kashi pa kauntala, kuyambira Januwale 2026. Poyamba ankafuna 5 peresenti. Ndiye mai a Tadala musati sizikukukhudzani, ya fizi ija ikachepa mudziwe pomwe yadonthera

Mai a Tadala, Area 25: Aaa ndiye nkhaniyi ndi yanga tsopano, ndakhala tsonga

Ankolo a ku South Bend: Kuyankha aphunzitsi, pofuna kumudziwa munthu ine ndimayang'ana pomwe pakamwa pake ndi chala chake zinasiyana. Mu Ogasiti 2024 aphungu 18 a Republican, wotsogolera Andrew Garbarino wa ku New York, analembera sipikala Mike Johnson kalata yoti chonde musachotse zochepetsa msonkho za mphamvuzi, makampani athira kale ndalama m'madera mwathu. Mu Malichi 2025 kalata ina, osaina anafika 21. Ndiye werengani masamu, bilu inadutsa ndi mavoti 218 kwa 214, kutanthauza kuti ochepa chabe mwa osainawo akanati "ayi" bilu ikanagwa pompo. Tsiku litafika a Republican okana ku House anali awiri okha, Thomas Massie wa ku Kentucky ndi Brian Fitzpatrick wa ku Pennsylvania, ndipo a Massie nkhani yawo inali ngongole ya boma osati masola

Wa Uber ku Dallas: Nanga mwini kalata uja?

Ankolo a ku South Bend: Kkkk ameneyo ndiye ali ndi yakeyake. Voti yoyamba ya biluyi inachitika m'bandakucha pa 22 Meyi atachezera usiku wonse, inadutsa 215 kwa 214, iyeyo sanavote, sipikala anauza atolankhani kuti mkuluyo anagona tulo. Mu Julayi anali maso, anavomera

Mai a Tadala, Area 25: Kkkkkkk ndafa ine, ndimayesa ogona m'nyumba ya malamulo ndi athu okha

Aphunzitsi opuma, Zomba: Tulo tilibe pasipoti mayi. Koma a South Bend, tisamuseke kwambiri. Mwina osainawo anganene kuti tinakambirana mkati, tinapulumutsako zina. Ndale zimatero, walira mvula walira matope.

Namaseko RN: Amaterodi, ndipo pang'ono nzoona, ku Senate mai Lisa Murkowski a ku Alaska ndi a Chuck Grassley a ku Iowa anakankha kuti masiku otsekera ntchito za mphepo ndi dzuwa atalikitsidweko, ndi kuti msonkho wina watsopano umene unkafuna kuikidwa pa ntchitozi uchotsedwe, kenako onse awiri anavomera biluyo. Okana a Republican anali atatu, Susan Collins, Rand Paul ndi Thom Tillis wa ku North Carolina, ndipo a Tillis masiku omwewo analengeza kuti sadzaimanso. Ndiye uone mtengo wa "ayi" mmodzi

Chiko_injiniya: Ndilowepo pa a Grassley chifukwa mkulu ameneyu amasokoneza malikisi onse aja. Ndi amene anayambitsa kuchotsera msonkho magetsi a mphepo mu 1992, lero Iowa magetsi ake oposa theka amachokera ku mphepo, ukamadutsa pa msewu waukulu usiku umangoona timagetsi tofiira tikuphethira limodzi m'minda ya chimanga mpaka kutha kwa maso. Koma pa malikisi a bungwe lija ndi wotsika zedi, ndipo 2022 anakana. Ndiye ndi mdani wa mphamvu zoyera kapena ndi tate wake? Ine ndimaona kuti anthuwa amavotera chimene chimamera kwawo. Iowa mphepo ndi chimanga cha ethanol, West Virginia malasha, Michigan magalimoto, Texas mafuta

Ankolo a ku South Bend: Eya, ndipo za Michigan ndi zomwe zikuyankha funso la Nangozo la petulo. Lamulo lokakamiza makampani kupanga magalimoto osamwa mafuta, lomwe amati CAFE, linabwera 1975 Aluya atatseka mafuta mu 1973 anthu nkumagona pa mizere ngati mai a Tadala leromu. Linati pofika 1985 magalimoto ang'onoang'ono aziyenda mamailosi 27.5 pa galoni, kwathu tingati pafupifupi makilomita 12 pa lita. Ndiye nambala imeneyo inangoima pompo zaka zoposa makumi awiri. Mmodzi mwa amene ankaikhalira ndi John Dingell, wa Democrat, phungu wa kufupi ndi Detroit amene anakhala m'nyumbamo zaka 59. Pa zinthu zina zachilengedwe anali patsogolo, koma ukangokhudza Ford ndi GM umakumana naye pakhomo

Chiko_injiniya: Komanso m'lamulo lomwelo munali kabowo, mapikapu ndi magalimoto akuluakulu anawaikira muyezo wofewa, ndiye makampani anangoti chabwino, tizigulitsa zimenezo kwa mabanja. Nchifukwa chake kuno mayi wopita kukagula mkaka amayendetsa chigalimoto chonga cha a DC

Nangozo wa ku Georgia: Kkkk ndi changa chomwe chimenecho, ndinagula poti aliyense ali nacho, pano chikundimwa magazi

Ankolo a ku South Bend: Nambala ija inadzasuntha mu Disembala 2007, nthawi ya a George W. Bush, anati ifike mamailosi 35 pa galoni pofika 2020, ngati makilomita 15 pa lita. Tamverani mavoti ake, Senate 86 kwa 8, House 314 kwa 100. Zipani zonse pamodzi. Ndiye aphunzitsi, voti yakale ngati imeneyo imakuuza zambiri za munthu kuposa za lerozi, chifukwa amene anakana pamenepo anakana yekha ndi mutu wake, panalibe chikwapu cha chipani. Tsono bilu ya 2025 sinafafanize muyezowo, inangoti chindapusa cha kampani yolephera kuufikira chikhale ziro. Lamulo lilipo, mano anazula

Aphunzitsi opuma, Zomba: Ngati kuuza ana kuti mayeso alipo koma aliyense akhoza. Ndamva.

Mai a Tadala, Area 25: Funso la umbuli, nanga bwanji timagalimoto tathu ta ku Japan iti, Vitz, Mira, Passo, timanunkhiza chabe mafuta pomwe ku America kolemerako zikuwakanika?

Chiko_injiniya: Si umbuli mai. Japan mafuta ake pafupifupi onse amagula kunja ngati ife, ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Top Runner, amatenga galimoto yosamwa kwambiri pa gulu lake nkunena kuti ena nonse muifike imeneyi pofika chaka chakuti. Kuphatikiza misonkho yawo yokondera timagalimoto tating'ono. Ndiye lita mukuyidikira pa mzerepo ikakufikitsani kutali chifukwa cha malamulo a ku Tokyo a zaka makumi awiri zapitazo, osati a ku Lilongwe

Wa Uber ku Dallas: Koma ine ndinene zoona ngakhale ndili ndi ka Bolt, zokakamiza anthu sindigwirizana nazo. California inkafuna kuti pofika 2035 pasamagulitsidwe galimoto yatsopano ya petulo yekha. Munthu wokhala pa fulati wopanda potchajira atani? Ine ndili ndi garaja, mnzanga uja alibe

Namaseko RN: Ndipo pa imeneyo simuli nokha achimwene, voti yake ndi imene Nangozo ayenera kuiona chifukwa malaya a chipani anang'ambika. Mu Meyi 2025 Congress inavota kulanda California chilolezo chake choika lamulo limenelo, ku House 246 kwa 164, a Democrat 35 anawoloka kukavota ndi a Republican. Ku Senate 51 kwa 44, wa Democrat mmodzi yekha anawoloka, mai Elissa Slotkin. A kuti? Michigan. Za Chiko zija

Ankolo a ku South Bend: Chimodzimodzi 2009, bilu ya Waxman ndi Markey yoika malire pa utsi wa mafakitale inadutsa ku House 219 kwa 212, a Democrat 44 anakana, a Republican 8 anavomera, ku Senate sinavoteredwe nkomwe, inangofera m'kabati. Chaka chotsatira Joe Manchin wa ku West Virginia, wa Democrat, anajambulitsa kanema wa kampeni akuombera biluyo ndi mfuti itakhomedwa pa chandamale. Munthu yemweyo ndi amene mu Julayi 2022 ali seneta anagwirizana ndi Chuck Schumer, mtsogoleri wa a Democrat ku Senate, lamulo la Inflation Reduction Act lija nkudutsa, popanda voti yake sipakanakhala 50. Ndiye umupatsa malikisi angati ameneyo?

Aphunzitsi opuma, Zomba: Zaka zonse ndinachonga mayeso sindinakumanepo ndi pepala lotero. Koma mwandikumbutsa chinthu. Zomwe zinafera m'kabati sizioneka pa mndandanda wa mavoti. Wapampando wa komiti akangokhalira bilu, palibe "eya" palibe "ayi", dzina lake loyera.

Chiko_injiniya: Ndendende, ndipo zambiri za mafuta a galimoto sizidutsa nkomwe m'nyumba ya malamulo, amalemba ndi nthambi za boma. Muyezo wa mamailosi 54.5 wa nthawi ya a Obama mu 2012 panalibe phungu anavota, a Trump anadzaufewetsa, a Biden anaulimbitsanso, kungosinthana cholembera. Ndiye voti ya pulezidenti nayo ndi voti ya pa thanki yako. Ndipo Nangozo za bilu ya magetsi ija usaiwale kuti ku Georgia mitengo amavomereza ndi Public Service Commission, anthu asanu ochita kusankhidwa ndi inu nomwe, maina awo amakhala pansi penipeni pa pepala lovotera pomwe anthu ambiri amakhala atatopa kale

Nangozo wa ku Georgia: Iii zimenezo ndiye sindimazidziwa olo pang'ono, ine ndimangotukwana kampani ya magetsi

Mai a Tadala, Area 25: Ine nsanje yandigwira. Kuno ndingadziwe bwanji kuti phungu wanga anavota chani pa ngongole ya mafuta kapena za magetsi? Timangomva pa wailesi chiphokoso, sipikala nkuti ovomera apambana, basi yadutsa

Aphunzitsi opuma, Zomba: Zolankhula zimalembedwa mu Hansard mayi, koma mavoti ambiri ndi a pakamwa, gulu lofuula kwambiri ndi lomwe lawina, dzina la munthu silioneka. Ndipo chimandiseketsa nchakuti povomera amafuula liwu lachizungu lija lomveka ngati "ayi", ndiye agogo akumudzi akamamvera amati aphungu onse akana, chonsecho bilu yadutsa. Amawerenga mmodzimmodzi pakakhala nkhani yofuna magawo awiri mwa atatu kapena ena akaumirira. Ndimakumbuka Julayi 2002, bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, tinaunjikana pa wailesi mu sitafu rumu osapita m'kalasi, inagwa ndi mavoti atatu okha, ndipo anthu anadziwa kuti uje anaima mbali iti. Koma za mafuta ndi magetsi sindinamvepo akuitana maina.

Wa Uber ku Dallas: Kuno nako mavoti a pakamwa alipo aphunzitsi, kungoti pa zikuluzikulu wina amaimirira nkuti tilembe maina, akudziwa kuti adzaigwiritsa ntchito pa kampeni

Adimini: Abale nkhani yabwino koma amene mwaponya malonda a mbuzi za Khirisimasi pakati pa zokambiranazi ndachotsa, tsiku la malonda ndi Loweruka

Nangozo wa ku Georgia: Ndabwerako, ndinali pa buleki ndiye ndinatsegula tsamba lija ankolo. Wanga ndamupeza. 2022 anakana, ya California anavomera kulanda, 2025 anavomera. Pa kalata ya anthu 18 ija dzina lake palibe. Ndiye ndatenga pepala lake la kampeni lomwe ndinaikira kapu ya tiyi m'mawa, ali pamenepo ndi chipewa chake kutsogolo kwa fakitale, pansi alemba kuti ndabweretsa ntchito. Ndinaimbanso ku ofesi yake, anayankha kamnyamata kaulemu bwino, ndafunsa kuti bwana anavotera chani kuchotsa za masola, akuti bwana amakhulupirira mphamvu za mitundu yonse, ndati eya koma voti, akuti tikutumizirani kalata

Ankolo a ku South Bend: Kalatayo ibwera, masamba awiri, ndipo mawu oti voti simukhala. Uisunge. Akadzabwera ku msonkhano wa m'dera upite nayo pamodzi ndi nambala ya votiyo ndi tsiku lake, ukafunse pamaso pa anthu. Koma uonenso wopikisana nayeyo, ngati anakhalapo m'nyumba ya malamulo ya Georgia ku Atlanta nayenso ali ndi mavoti ake, usangomukhulupirira poti malaya ndi ena

Namaseko RN: Ndipo ukapita undiuze ndikuperekeze, ndili ndi langa funso la Medicaid

Mai a Tadala, Area 25: Abale thanki yafika koma akuti ndi dizilo

Wa Uber ku Dallas: Kkkkk mai gulani Bolt

Mai a Tadala, Area 25: Ndizitchajira kandulo? Tumizani kaye ija munalonjeza ya yunifolomu ya Tadala, ndipo mutumize pa foni osati pa kauntala, 1 peresenti yanga ndikuifuna yonse